Bedi la Maluwa Oyera, Munda wa Munthu Wobwera Madzulo

Maluwa ambiri amene timabzala pakhomo amakondweretsa anthu odutsa m'njira kuposa eni nyumba. Taganizani bwino. Mphunzitsi amanyamuka 7 koloko isanakwane, kalaliki ndi namwino chimodzimodzi, ndipo mlimi ndiye amalawira nkhuku zisanatsike. Pa nthawi imene maluwa ofiira ndi achikasu akunyadira dzuwa la masana, amene anawathirira ali kutali, akukhetsa thukuta. Pobwerako dzuwa limakhala litapendeka, ndipo pofika nthawi yoti munthu wasamba, wakokera mpando pakhonde kuti aongole msana, kufiira konse kuja kwasanduka bii. Mdima wa kuno kwathu sunyengerera munthu: mu Juni dzuwa limalowa cha m'ma 5 koloko, mu Januwale cha m'ma 6 koloko, ndipo chisisira chake sichikwana n'komwe theka la ola.

Pali mtundu umodzi wa maluwa umene mdima suumeza msanga, ndiwo maluwa oyera. Nkhani yathu lero ndi ya bedi la maluwa oyera okhaokha, lalitali, lotsata mpanda kapena khoma, lokonzedwa dala kuti lizioneka pa nthawi imene maluwa ena onse azimirira. Maganizo amenewa anatchukira ku England, koma ndikufuna kuonetsa kuti akutiyenera ife kuposa eni ake, malinga tikawatenga mwanzeru, osati kungokopera monga amachitira mwana waulesi pa mayeso.

M'chaka cha 1930 mayi wina wolemba mabuku ndi ndakatulo, Vita Sackville-West, pamodzi ndi mwamuna wake Harold Nicolson, amene anagwirapo ntchito za ukazembe, anagula bwinja la nyumba yakale yotchedwa Sissinghurst m'chigawo cha Kent, kummwera chakummawa kwa London. Pamalopo panali makoma ogumuka ndi milu ya zinyalala. Mwamunayo ndiye anajambula njira ndi mipanda, zowongoka ngati chingwe cha mmisiri, nagawa munda wonse m'zigawo zonga zipinda za nyumba yopanda denga. Mkaziyo ndiye ankasankha zobzala, ndipo ankabzala mothinana kuti dothi lisaoneke. Chimodzi mwa zipinda zimenezi, chimene anachibzala m'nyengo yozizira ya pakati pa 1949 ndi 1950, chimatchedwa White Garden, ndipo okonda maluwa a m'maiko ambiri akhala akuchitsanzira kufikira lero. Vita anamwalira mu 1962, ndipo kuyambira 1967 malowo ali m'manja mwa bungwe la National Trust, limene limalola alendo kulowa kukaona.

Chimene otsanzira ambiri saona n'chakuti banja lija silinkakhala pansi pa denga limodzi. Bambo ndi mayi ankagona m'kanyumba kena, pamene chakudya ankadyera m'kanyumba kotchedwa Priest's House, kamene kali m'mbali mwenimweni mwa munda woyerawo. Choncho madzulo aliwonse ankayenda panja popita kukadya ndi pobwerera kukagona. Mundawo unabadwa chifukwa cha ulendo wa madzulo umenewu. Nanga si momwemonso tikhalira ife, khitchini panja, bafa panja, nkhani zonse za banja zikambidwa pabwalo mdima utagwa?

Vita ankalemba za maluwa mlungu ndi mlungu m'nyuzipepala ya The Observer. Pouza awerengi ake za munda watsopanowo, sanautche woyera chabe, koma wa mitundu itatu: wotuwa, wobiriwira ndi woyera. Ananenanso kuti ankalakalaka kudzaona kadzidzi akuuluka mwakachetechete pamwamba pake kuli chisisira. Apa pokha sitigwirizana naye, pakuti kwathu kuno kadzidzi akatera padenga agogo sagona tulo. Koma za mitundu itatu ija tizisunge, tidzazifuna kutsogoloku.

Angerezi ali ndi mwayi umodzi: mu Juni dzuwa lawo limalowa 9 koloko itadutsa, ndipo chisisira chimatenga nthawi. Koma munda wawowo umafika pachimake kwa masabata ochepa a Juni ndi Julayi, kenaka kuzizira kumathamangitsira aliyense m'nyumba kwa miyezi yambiri. Ife tingathe kukhala panja pafupifupi chaka chonse, ndipo kuyambira Meyi mpaka Okutobala m'madera ambiri kumwamba kumakhala kopanda mitambo, mwezi uli mbee. Ndiponso makomo athu ambiri alibe nyale zapanja zoti zipikisane ndi mwezi.

Kodi n'chifukwa ninji duwa loyera limaoneka usiku? Funso limeneli ndi phunziro la sayansi lathunthu, ndipo aphunzitsi anzanga angathe kuliphunzitsa popanda chipangizo chogula. Duwa lofiira lili ndi utoto m'timaselo take, umene umameza mbali ina ya kuwala n'kubweza kofiira kokha. Duwa loyera lilibe utoto woyera ayi. Pakati pa timaselo take pali timipata tambirimbiri todzaza mpweya, ndipo kuwala kukalowa kumagundagunda m'timipatamo n'kubwerera pafupifupi konse. N'chimodzimodzi ndi thovu la sopo kapena la mafunde a panyanja: madzi alibe mtundu, mpweya ulibe mtundu, koma thovu ndi loyera. Uzani mwana atenge katsamba ka duwa loyera akapsinje pakati pa zikhadabo. Mpweya ukatuluka, pamalo popsinjidwapo pamaonekera ngati pepala lodonthera mafuta. Mfundo imeneyi ili ndi phindu kwa wolima: duwa loyera silipirira nkhanza. Likamenyedwa ndi mvula yamphamvu, likagwiridwagwiridwa kapena likapsa ndi dzuwa la Okutobala, limada msanga monga imachitira nthochi yosenda, ndipo banga lake silibisika.

Mbali ina ya yankho ili m'diso lathu. Kumbuyo kwa diso kuli timaselo ta mitundu iwiri tolandira kuwala. Tina timazindikira mitundu ya zinthu, koma timafuna kuwala kokwanira. Tina, tochuluka kuposa toyambato pafupifupi ka 20, timagwira ntchito mumdima, koma sitisiyanitsa mitundu, ndipo kuwala kofiira sitikumva kwenikweni. Dzuwa likamalowa diso limasiya kudalira toyamba tija n'kuyamba kudalira tachiwiriti, n'chifukwa chake duwa lofiira ndilo limayamba kuda, masamba obiriwira akuonekabe. Amene anayamba kufotokoza zimenezi, cha m'ma 1820, anali Jan Purkyně, katswiri wa za thupi la munthu wochokera ku Bohemia, ndipo mpaka lero mabuku amatchula kusinthaku ndi dzina lake. Kuwala kwa mwezi wathunthu n'kochepa pafupifupi ka 400,000 poyerekeza ndi kwa dzuwa. Pa kuwala kochepa chotero, chinthu chobweza kuwala konse ndicho chimapambana.

Zomera zinadziwa zimenezi ife tisanabadwe. Mwana aliyense wa kumudzi amadziwa kuti duwa la dzungu ndi lachikasu, limatseguka mmamawa, ndipo njuchi zimalowamo dzuwa lisanatenthe. Koma ndi angati anayang'anitsitsa duwa la mphonda, m'bale wake wa dzungu? Ndi loyera, limatseguka madzulo, ndipo pofika masana a tsiku lotsatira lafota. Alendo ake ndi agulugufe a usiku, aja a matupi onenepa ndi mapiko osongoka, amene amaima m'malere patsogolo pa duwa n'kutambasula lilime lalitali ngati ulusi. Mlambe nawo umachita chimodzimodzi: dzinja likamayandikira umalendewetsa maluwa akuluakulu oyera amene amatseguka kuli chisisira, mileme yodya zipatso ndi agulugufe omwewo n'kumanyamula mungu usiku wonse, ndipo pakutha pa tsiku limodzi duwa lija layamba kufota. Kuyera ndi nyale yoitanira alendo a usiku, ndipo fungo ndilo mfuu yake. N'chifukwa chake maluwa oyera ambiri amanunkhira kwambiri madzulo kuposa masana.

Pali nkhani ina yokoma pamenepa. Mu 1862 Charles Darwin analandira duwa loyera la ku Madagascar, la mtundu wa orchid, limene timadzi take totsekemera timakhala pansi pa kampope kotalika pafupifupi masentimita 30. Iye ananena kuti pachilumbapo payenera kukhala gulugufe wa lilime lotalika chomwecho, ngakhale kuti panalibe katswiri amene anali atamuona. Gulugufeyo anadzalembedwa m'mabuku mu 1903, Darwin atamwalira kale, ndipo panadutsa zaka zina pafupifupi 90 asayansi asanamuone akuyamwa duwalo. M'bale wake wapafupi, wotchedwa Xanthopan morganii, amapezeka kumtunda kuno, m'Malawi momwe muno. Wobzala bedi loyera asadabwe akaona chinthu chonga kambalame chikuzungulira maluwa ake nthawi ya nsima ya madzulo.

Ndikudziwa zimene ena anene. Wina ati maluwa oyera ndi a nkhata za pamaliro, ndipo kuwadzaza pakhomo n'kuitana tsoka. Koma kuyera kwathu kuno sikunakhalepo kwa imfa yokha. Mkwatibwi amavala zoyera, amayi a Mvano ndi a Chigwirizano amavala zoyera, mlendo wolemekezeka timamuphikira nsima ya ufa woyera, ndipo munthu wopanda mangawa timati ndi woyera mtima. Winanso ati maluwa sadyedwa. Ameneyu ali ndi mfundo, makamaka chaka cha njala, ndipo sitingamuyankhe ndi ndakatulo. Timuyankhe ndi zobzala. Cham'mwamba chili ndi maluwa oyerera onunkhira, ndipo masamba ake ndi ndiwo zopatsa thanzi. Mphonda yoyanga pampanda ipatsa banja chakudya ndi zikho. Anyezi awiri kapena atatu osiyidwa kuti achite maluwa amatulutsa mitu yoyera yobulungira, yokongola osati masewera, kenaka mbewu. Mpungabwi, umene makolo ankaugwiritsa ntchito pothamangitsa udzudzu, uli ndi timaluwa toyera ndipo umakhala bwino kutsogolo kwa bedi. Ombwe, amene ena amati mthuthu, amabwezera chonde m'nthaka, masamba ake amapha tizilombo ta m'dimba, ndipo mtundu wake wa maluwa oyera ndi wosavuta kupeza. Kumapiri kumene khofi amalola, monga ku Misuku ndi ku Thyolo, tchire limodzi la khofi litachita maluwa mvula yoyamba itagwa limanunkhiritsa bwalo lonse. Bedi lotere palibe angalitche chibwana.

Tsono tiyeni tigwire khasu. Chinthu chimene chimaononga mabedi oyera ambiri si mbewu koma malo. Duwa loyera patsogolo pa khoma lopaka njereza lili ngati ufa wothira pa mchenga wa kunyanja. Limafuna kumbuyo kwakuda: mpanda wa zomera zobiriwira kwambiri, khoma la njerwa zootcha, ngakhale mpanda wa bango kapena tsekera umene wada ndi mvula. Ngati bwalo likulola, ikani bedi m'mbali mwa mpanda wa kumadzulo, liziyang'ana kummawa. Potero lidzalandira dzuwa lofatsa la mmawa, mpanda udzalitchinga ku dzuwa lopsereza la masana akapendeka, ndipo mwezi wathunthu, umene nthawi zonse umatuluka kummawa pamene dzuwa likulowa, udzaliwalira kumaso. Likhalenso poti munthu wokhala pakhonde kapena wopita kukhitchini alione, pakuti bedi la madzulo lobisika kuseri kwa nyumba n'kutaya mphamvu.

Kukula kwake kusapitirire mphamvu za mwini wake. Mamita 6 m'litali ndi mita imodzi ndi theka m'lifupi n'zokwanira poyambira. Kumbani mozama masentimita 40 kapena 50 dzinja lisanafike, muphwanye zibuma, musakanize ndi manyowa owolerana bwino, ndowa imodzi kapena ziwiri pa malo a mita imodzi mbali zonse. Katondo amafuna manyowa kuti asunge chinyezi, makande amafuna manyowa kuti madzi asadikhe, ndipo mchenga umawafuna kuposa onsewo. Manyowa aawisi amawotcha mizu ndi kubweretsa mbewu za udzu. Kabedi kopapatiza, kongokwana mzere umodzi wa maluwa oimirira ngati ana a sukulu pa asembule, sikapatsa chimene tikufuna. Pamafunika kuya: zazitali kumbuyo, zapakati pakati, zoyala pansi kutsogolo, ndipo mtundu uliwonse ubzalidwe m'kagulu ka zitatu kapena zisanu, osati chimodzichimodzi chomwazikana.

Kumbuyo kwenikweni kuyenera zomera zopirira chilala. Bougainvillea woyera, wochokera ku South America, amachita bwino kwambiri m'chilimwe pamene zina zonse zalefuka, ndipo madzi ochuluka amangomuchulukitsira masamba. Zoyera zimene timaziona pa iye si maluwa enieni koma masamba osandulika, duwa lenileni ndi kanthu kakang'ono pakati. Frangipani, mtengo wa nthambi zonenepa zotuluka utomoni woyera ngati mkaka, umayoyola masamba m'chisanu n'kuima ngati wakufa, koma kukatentha umadzaza maluwa oyera a mtima wachikasu, ndipo fungo lake la madzulo palibe wolikana. Mtengo umenewu ndi tambwali: umaitana agulugufe ndi fungo koma mulibe timadzi m'maluwa ake, ndipo iwo poyendayenda kufunafuna amaunyamulira mungu kwaulere. Jasmine woyanga pa mpanda awonjezera fungo lina. Koma lantana, ngakhale woyera, musamulole. Mbalame zimafalitsa mbewu zake, ndipo walanda kale malo ambiri odyetsera ziweto.

Pakati ndi pamalo pa rozi wotchedwa Iceberg, amene anapangidwa ndi alimi a banja la Kordes ku Germany mu 1958, ndipo anazolowera bwino nyengo ya kummwera kwa Africa. Amachita maluwa miyezi yambiri pa chaka. Mduleni mu Julayi, mumthirire patsinde osati pamasamba, ndipo m'dzinja muzichotsa masamba ogwidwa madontho akuda ndi kuwatentha. Pambali pake mungaike agapanthus woyera wa ku South Africa, amene masamba ake aatali amakhala obiriwira chaka chonse, ndi duwa lija la ku Madagascar lotchedwa Catharanthus, limene limamera ngakhale m'ming'alu ya simenti ndipo mbuzi sizilikonda. Kaduwa konyozeka kameneka ndiko kanapatsa madokotala vincristine ndi vinblastine, mankhwala othandiza pa khansa zina za ana ndi akulu. Koma mankhwalawo amayengedwa ndi kuyezedwa ndi akatswiri, ndipo wowiritsa masamba ake pakhomo akudzimwetsa poizoni.

Tilinso ndi athuathu. M'madambo ndi m'mbali mwa mitsinje mumamera duwa lalikulu la tsinde la pansi longa anyezi wamkulu, limene asayansi amalitcha Crinum macowanii. Mvula yoyamba ikagwa limatulutsa maluwa onga malipenga, oyera a mizere yofiirira, onunkhira madzulo. Musakakumbe la kudambo. Dikirani zipatso zake zikhwime, mutole mbewu zonenepazo, muziike pamwamba pa dothi lachinyezi ndipo zidzamera zokha, kungoti mudzadikira zaka zingapo lisanachite maluwa. Pamalo pamene madzi a kubafa kapena a pampopi amadikha, bzalani arum woyera. Dzina lake la sayansi limatchula Ethiopia, koma kwawo ndi ku South Africa, Lesotho ndi Eswatini, ndipo amakonda mapazi ake ali m'matope.

Tsopano tibwerere ku mitundu itatu ija. Bedi la maluwa oyera okhaokha, lopanda china chopumitsa diso, limaoneka ngati zovala zoyanika pachingwe. Chimene chimalipatsa ulemu ndi masamba: obiriwira kwambiri kuti kuyera kuonekere, ndi otuwa kuti alumikize ziwirizo. Ku Sissinghurst anagwiritsa ntchito artemisia, zomera zina za masamba aubweya, ndi mtengo wa peyala wa masamba otuwa olendewera. Ife tingagwiritse ntchito lavenda, dusty miller, kapena mitundu ya helichrysum, abale a maluwa osafota amene amamera pa Nyika ndi pa Mulanje. Ndipo apa chilengedwe chili mbali yathu, pakuti kutuwa kwa masamba otere kumachokera ku tiubweya kapena phula limene limabweza dzuwa ndi kuchepetsa madzi otuluka m'tsamba. Zomera zotuwa zambiri ndi zopirira ludzu. Mwa kuona kwanga, theka la bedi liyenera kukhala masamba, ndipo amene wasunga zimenezi bedi lake silidzachita manyazi ngakhale mwezi umene maluwa achepa.

Musakhalenso okhwimitsa lamulo mopitirira. Gertrude Jekyll, mayi wina wa ku England amene buku lake la mitundu ya maluwa m'munda linatuluka mu 1908, anachenjeza kuti munthu asamane munda wake chinthu chouyenera chifukwa chongofuna kusunga dzina limene waupatsa. Mtima wachikasu wa frangipani kapena mizere ya Crinum sizidetsa bedi. Chimene chimalidetsa ndi duwa limodzi lofiira kwambiri limene lamera mwangozi, pakuti masana diso limathamangira pomwepo.

Ngozi yotere imachitika kawirikawiri ndi cosmos, duwa la ku Mexico lija la masamba onga nthenga, limene limadzifesa lokha ndi kudzaza bedi kumapeto kwa dzinja. Mukatola mbewu pa cosmos woyera amene anayandikana ndi wofiirira, ana ake ambiri adzatuluka ofiirira, chifukwa njuchi sizisankha. Gregor Mendel anaonetsa chifukwa chake ndi nsawawa zachizungu, m'kafukufuku amene anasindikizidwa mu 1866. Atakwatitsa za maluwa ofiirira ndi za maluwa oyera, ana onse anali ofiirira, ndipo mwa zidzukulu 929, zofiirira zinali 705, zoyera 224 zokha, ndiko kunena chimodzi mwa zinayi. M'zomera zambiri kuyera kumagonja chotero. Choncho zulani chomera chilichonse chimene chaonetsa mtundu wina duwa loyamba likangotseguka, ndipo mbewu muzitola pa zoyera zimene zili kutali ndi zinzake. Kalasi ya Fomu 4 imene yawerenga mbande zake zokha siidzaiwalanso Mendel.

Mapaketi a mbewu ochokera ku Ulaya amalemba miyezi ya kwawo, ndipo wotsata miyezi imeneyo kuno adzalira. Maluwa anthete monga alyssum ndi petunia, amene Angerezi amawaona m'nyengo yawo yotentha, kwa ife ndi a m'chisanu: fesani mu Malichi kapena Epulo, mvula ikamatha, ndipo adzakongoletsa kutsogolo kwa bedi kuyambira Meyi mpaka kutentha kutayamba. Mitengo ndi zitsamba zokhalitsa zibzalidwe mvula itakhazikika, mu Disembala kapena Januwale, kuti zigwire mizu ndi madzi a kumwamba.

Nkhani ya madzi ndiyo yofunika kuilankhula mosabisa. Bedi la mamita 6 lija, likamathiriridwa monga alimi a maluwa amalangizira, malita 25 pa mita imodzi mbali zonse pa sabata, limamwa malita 225, ndiko kuti ndowa 11 za malita 20. Mu Okutobala, makamaka kunyanja ndi kuchigwa cha Shire, lidzafuna oposa pamenepo. Pakhomo popanda mpopi, ndowa zimenezi zimabwera pamutu pa munthu, ndipo tonse tikudziwa kuti kawirikawiri munthuyo ndi mayi kapena mtsikana amene ali ndi homuweki yomudikira. Bambo wofuna maluwa atunge yekha, apo ayi achepetse bedi. Koma pali njira zochepetsera ludzu. Madzi otsukira mpunga, ndiwo ndi mbale zopanda mafuta ambiri, ndi osambira a sopo wamba, angathe kupita ku maluwa, kusiyapo okhala ndi mchere, mankhwala oyeretsera zovala kapena sopo waufa wambiri. Mtsuko wadothi wosapaka kanthu, wokwiriridwa mpaka m'khosi pakati pa zomera ndi kuvundikiridwa, umatulutsa madzi pang'onopang'ono pamizu penipeni. Kuthirira kwambiri kawiri pa sabata kumaposa kuwaza pang'ono tsiku ndi tsiku, chifukwa mizu imatsata madzi pansi. Ndipo dothi liphimbiridwe ndi udzu wouma kapena masamba, kusiya mpata wa chikhatho kuzungulira tsinde lililonse. Chiswe chidzadya zophimbirazo, inde, ndipo muzingowonjezera zina. Chomera chimene chiswe chimakonda kugwira ndi chofooka ndi ludzu.

Kuphimbira kuli ndi ntchito inanso pa bedi loyera. Mvula ikamenya katondo wosaphimbira, matope ofiira amathovukira pa maluwa a m'munsi, ndipo m'chilimwe fumbi la pabwalo losesedwa limachita zomwezo. Wosesa awaze madzi pang'ono asanayambe, ndipo bedi litalikirane ndi msewu wafumbi. Maluwa ofota azichotsedwa masiku awiri kapena atatu aliwonse. Pa bedi lofiira duwa lofota limabisala, pa loyera limaoneka ngati dontho la ndiwo pa malaya a mkwati. Kuchotsako kumachititsanso chomera kutulutsa maluwa ena m'malo motaya mphamvu pa mbewu. Za mbuzi ndi nkhuku sindinena zambiri: wopanda mpanda asayambe n'komwe.

Pali chenjezo limene mphunzitsi ndi kholo aliyense ayenera kulisunga. Ena mwa maluwa oyera okongola kwambiri ndi akupha. Oleander, chitsamba cha masamba aatali osongoka chimene chimabzalidwa m'misewu ya m'tauni, ndi poizoni kuyambira muzu mpaka duwa, ndipo ngakhale utsi wa nkhuni zake ndi woopsa. Brugmansia, wa maluwa akuluakulu olendewera ngati mabelu, ndi m'bale wake datura, amene amamera yekha pa dzala ndipo zipatso zake zili ndi minga, amasokoneza mutu ndi mtima, ndipo mbewu zochepa zingaphe mwana. Zimenezi zisapezeke pasukulu kapena pakhomo pamene pali ana aang'ono, zikongole bwanji. Arum amawotcha m'kamwa akatafunidwa, tsinde la Crinum si anyezi, utomoni wa frangipani usafike m'maso, ndipo madzi onyikamo masamba a ombwe asatayidwe kumtsinje chifukwa amapha nsomba.

Kwa inu amene mwangomaliza sukulu ndipo mukudikira zotsatira kapena ntchito, zambiri mwa zomera tatchulazi sizifuna ndalama. Frangipani amamera ndi nthambi: dulani yotalika ngati mkono, muisiye pamthunzi sabata imodzi kapena ziwiri kuti bala liume, kenaka muizike m'dothi la mchenga osathirira kwambiri. Bougainvillea, jasmine, lavenda ndi rozi amameranso ndi nthambi m'machubu, pomwe agapanthus ndi arum amangofuna kugawa phata. Bedi limodzi losamalidwa bwino limasanduka nazale m'zaka ziwiri, ndipo mbande za m'machubu zimagulitsika. Vuto n'lakuti chomera chopanda maluwa sichiulula mtundu wake: frangipani woyera ndi wofiira akayoyola masamba amafanana ngati mapasa, bougainvillea chimodzimodzi. Pogula, gulani chimene chili ndi duwa ngakhale limodzi. Popempha nthambi kwa mnansi, pitani pamene mtengo uli m'maluwa, mumange kansanza pa nthambi imene mwaisankha, ndipo mudzabwere kudzaidula nyengo yake ikakwana.